Kompyuta Ikamazima Gemu Ili Mkati, Yambirani pa Soketi

(Kanyimbo kotsegulira)

Inu a pa Mponela, a ku Madisi, a ku Mvera, a pa boma la Dowa, a ku Dzaleka, ndi inu a kumapiri a Ntchisi, kuyambira pa boma mpaka ku Malomo, nkhani yathu lero ndi ya makompyuta a magemu, makamaka dandaulo limodzi lomwe likumveka kawirikawiri pakati pa achinyamata. Makina akuyaka bwinobwino, akuimba nyimbo, akuonetsa kanema. Koma ukangotsegula gemu yolemera, pakapita mphindi zochepa sikirini imada bii, kenako kompyuta n'kudziyatsanso yokha ngati kuti palibe chachitika.

Mwina makolo ena mukuti izi n'za ana, sizikukukhudzani. Musatseke wailesi. M'misika yathu muli timashopu momwe anyamata amalipira kuti amenye mpira wa FIFA kapena eFootball, ayendetse malole mu Euro Truck Simulator 2, kapena athamangitsane mu GTA V. Kompyuta yomweyo masana imaika nyimbo m'mafoni, imakonza zithunzi za ukwati, imadula kanema wa kwaya ya kutchalitchi. Ku Dzaleka, komwe kale kunali ndende koma kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo, kuli achinyamata amene moyo wawo watsamira pa kompyuta, ena mwa iwo ophunzira kulemba mapulogalamu ku TakenoLAB yomwe anayambitsa a Remy Gakwaya ochokera ku Burundi. Ntchito ngati yodula kanema imalemetsa makina mofanana ndi gemu. Ndipo ndalama yogulira makinawo nthawi zambiri ndi yanu yomwe makolo: ya fodya, ya soya, ya mtedza, kapena yomwe anatumiza mwana wanu ali ku Joni.

Chomwe chimachitika tikuchidziwa. Mwini makina amamanga bokosi lija pa kabaza, ulendo kwa okonza. "Achimwene, makinawa akungozima okha." Yankho silichedwa: "Ndi virus imeneyo aphwanga, tiifomate." Afomata, mwini walipira, zithunzi za makasitomala zapita, magemu onse kuikanso mwatsopano. Madzulo ake anyamata adzaza m'shopu, mpira wafika pokoma, wina watsala yekha ndi goloboyi, basi phethi, yazimanso.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Kompyuta yomwe imazima pokhapokha ikalemedwa, vuto lake nthawi zambiri silikhala m'mapulogalamu. Limakhala pa magetsi, pa kutentha, kapena pa RAM. Ndipo pofufuza muziyambira pakhoma pomwe pali soketi, n'kumalowa mkati pang'onopang'ono. Zaulere ziyambe, zogula zibwere pamapeto.

N'chifukwa chiyani imazima pa gemu pokha? Inu a ku Dowa ndi Ntchisi mukudziwa kuti ng'ombe yofooka siidziwika pachigwa ngolo ili yopanda kanthu. Imadziwika pa chitunda, ngolo itadzaza mabelo a fodya. Kompyuta ya magemu ikamangoimba nyimbo imadya magetsi ochepa, mwina mawati 50 kapena 60. Gemu ikayamba, purosesa ndi graphics card zimadzuka pamodzi, ndipo kudya kwake kumakwera kufika mawati 250, 300, ngakhale kuposa apo. Magetsi onse odyedwawo amasanduka kutentha mkati mwa bokosi. Ndiye chilichonse chofooka, kaya ndi waya, batire, fani kapena power supply (kabokosi komwe waya wa pakhoma amalowa), chimaonekera nthawi imeneyo.

Musanagwire sikuludiraiva, khalani pansi muonetsetse mmene ikuzimira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kazimidwe kalipo katatu, ndipo kalikonse kali ndi komwe kakuloza.

Koyamba ndi kamwadzidzidzi. Palibe chenjezo, palibe uthenga. Sikirini yada, mafani aima, pakapita timasekondi tiwiri yayakanso. Apa ganizirani magetsi, a pakhoma kapena a mu power supply. Kachiwiri, mafani amayamba alira kwambiri, gemu n'kuyamba kudukizadukiza, kenako makina n'kuzima, ndipo mukawayatsa nthawi yomweyo sachedwa kuzimanso. Uku n'kutentha. Kachitatu, pamabwera sikirini ya buluu yokhala ndi mawu, kapena zithunzi zimauma phokoso n'kumangobwereza, kapena pamaoneka timadontho ndi timizere tachilendo. Apa ganizirani RAM, ma driver, kapena graphics card yeniyeniyo.

Windows imasunga mbiri ya zonsezi, ndipo kuiwerenga sikulira khobidi. Tsegulani Event Viewer, pitani pa Windows Logs, kenako pa System. Mukapeza mzere wolembedwa Kernel-Power wokhala ndi nambala 41, dziwani kuti makina anazima osatsekedwa mwa dongosolo lake. Ena akaona mzerewu amathamangira kukagula power supply, koma nambala 41 payokha siitchula wolakwa. Lowani mkati mwake mupeze pomwe alemba BugcheckCode. Pakakhala 0, nthawi zambiri ndiye kuti Windows inalibe ngakhale mpata wolemba chomwe chavuta, ndipo zimenezi zimagwirizana ndi kudukira kwa magetsi. Pakakhala nambala ina, ndiye kuti panali sikirini ya buluu, mwina inangodutsa mwachangu inu osaiona. Kuti muzitha kuiwerenga, pitani pa Startup and Recovery muchotse chizindikiro pa mawu oti Automatically restart. Ikadzatulukanso, ijambuleni ndi foni. Chithunzi chimenecho n'chamtengo wapatali kwa wokonza aliyense wodziwa ntchito yake.

Tsopano tiyeni pakhoma. Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi amayenera kukhala mavolti 230. Koma misika yambiri ya m'maboma athu awiriwa ili kumapeto kwa nthambo zazitali, ina yolumikizidwa kudzera mu ntchito ya boma yopereka magetsi kumidzi ya MAREP, ndipo thiransifoma imodzi imasenza chigayo, owotcherera zitsulo, ometa, mafiriji a m'magolosale ndi nyumba za anthu. Chigayo chikamayamba, injini yake imakoka magetsi ochuluka kwambiri kwa kanthawi, ndipo mphamvu pa nthambo yonse imatsika. Wowotcherera akakhudzitsa ndodo yake pa chitsulo, zimachitikanso chimodzimodzi. Power supply ya kompyuta inapangidwa kuti ipirire kudukira kwa magetsi kwa mamilisekondi pafupifupi 16 okha, kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Ikakhala yopepukidwa imatha kupirira mopitirirako, n'chifukwa chake pa nyimbo siizima. Ikakhala yolemedwa ndi gemu, mphamvu yomwe inasunga imatha nthawi yomweyo.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Yatsani babu m'chipindamo ngakhale masana, muziliyang'ana pamene gemu ikuyenda. Ngati babu likuzilala kapena kuphethira nthawi yomwe kompyuta ikuzima, musavutike ndi kutsegula bokosi. Lembaninso nthawi. Ngati m'mamawa kwambiri imayenda bwino koma imavuta chigayo chikatsegula, kapena madzulo aliyense akayatsa zake, wolakwa mwamupeza. Njira ina ndi kunyamula makinawo kupita nawo kwa mnzanu wa pa thiransifoma ina, mukasewere gemu yomweyo kwa ola lathunthu. Ikakapirira kumeneko, kompyuta yanu ilibe mlandu.

Yang'ananinso ekisitenshoni. Lowani m'shopu iliyonse ya magemu muone pansi pa tebulo: ekisitenshoni imodzi yopepuka, ya mawaya owonda, yanyamula kompyuta, sikirini, sipika, makina ometera ndi machaja a foni asanu ndi atatu. Pena pulagi inathyoka kalekale, mawaya angolowetsedwa m'mabowo n'kutsindira ndi timitengo ta machesi. Polumikizira polobodoka pamatentha, ndipo pamadula magetsi katundu akachuluka. Gemu ikayenda mphindi makumi awiri, khudzani pulasitiki ya pulagi ndi kuseri kwa dzanja. Ikakhala yotentha, kapena pakakhala kufiira kwa kupsa kuzungulira mabowo, kapena fungo la pulasitiki yowauka, zimitsani zonse. Apa nkhani yasiya kukhala ya gemu, yasanduka ya moto. Kompyuta ikhale ndi soketi yakeyake, ya pulagi ya mano atatu, ndipo waya wa earth akhale wolumikizidwa ndithu. Ngati bokosi limakunyerenyetsani mukalikhudza, itanani wodziwa za magetsi tsiku lomwelo.

Kuthimathima kwa magetsi nakonso kumasiya zipsera. Mukukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Makina omwe anadutsa m'nyengo ngati imeneyo, magetsi kumangopita n'kubwera, power supply yake imakalamba msanga. Choopsa kwambiri si kupita kwa magetsi koma kubwera kwake, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Akathima, zulani pulagi. Akabwera, dikirani mphindi zingapo. M'dzinja mukamva kugunda kumapiri, zulaninso, chifukwa mphenzi imayenda m'nthambo. Amene mungakwanitse, gulani UPS, kabokosi ka batire kopitiriza kupereka magetsi akathima, koma muwerenge bwino nambala yake. UPS yolembedwa 650 VA nthawi zambiri siipereka mawati opitirira 400, ndipo batire lake likatopa, iyo yomwe imakhala yozimitsa kompyuta gemu ikalemera.

Nanga inu a sola? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi a nthambo, choncho m'midzi yambiri ya ku Ntchisi ndi Dowa kompyuta imayendera batire ndi inveta. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kompyuta ndi sikirini zikamadya mawati 400, batire la mavolti 12 liyenera kutulutsa maampu opitirira 33, ndipo tikaonjeza zotayika mu inveta, akuyandikira 40. Batire la 100 Ah la mtundu wa asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse. Ndiye kuti gemu yanu ili ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, dzuwa likalowa. Batire likakhala lakale, lochotsa m'galimoto, kapena mawaya ochoka pa batire kupita ku inveta akakhala owonda ndi aatali, mphamvu imagwa gemu ikangoyamba, inveta n'kulira tswii, n'kudula. Kompyuta ilibe chifukwa. Mawaya amenewa akhale onenepa, aafupi, omangidwa zolimba, opanda dzimbiri pa mitu ya batire.

Mtundu wa inveta nawonso ndi nkhani. Zotchipa zambiri ndi za modified sine wave, zomwe magetsi ake sayenda mosalala ngati a pakhoma. Ma power supply ambiri amakono sagwirizana nawo magetsi otere: amalira, amatentha, ena amangozima akalemedwa. Pa kompyuta ya magemu funani inveta yolembedwa pure sine wave, ya mphamvu yoposa zomwe makina amadya. Jenereta yaing'ono nayo imasinthasintha mphamvu wina akalumikiza kapena kuchotsa chinthu, choncho musaike kompyuta pa jenereta imodzi ndi firiji kapena makina owotcherera.

(Kanyimbo)

Mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za kompyuta yomwe imazima n'kudziyatsanso gemu ikalemera. Taona za pakhoma. Tsopano tiyerekeze kuti magetsi anu ali bwino, tilowe m'bokosi.

Woyamba kumufunsa ndi power supply, kabokosi kachitsulo kaja komwe waya wa pakhoma amalowa. Makompyuta ambiri omwe amafika m'misika yathu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito m'maofesi akunja, monga a Dell OptiPlex ndi a HP. Ndi makina olimba, koma anapangidwira kulemba makalata, ndipo power supply yake nthawi zambiri imakhala ya mawati pakati pa 180 ndi 300. Mnyamata akapeza ndalama amagula graphics card n'kuibaya m'menemo. Tamverani manambala. Khadi la GTX 1050 Ti limadya mawati 75, ndipo ambiri a mtundu umenewu amakhuta ndi magetsi a pa motherboard pokha. GTX 1060 imadya 120. RTX 3060 imadya 170, ndipo a Nvidia amalangiza power supply ya mawati 550. RX 580, yomwe yafala chifukwa chotchipa, imadya 185, ndipo a AMD amalangiza ya mawati 500. Ndiye mukaika RX 580 pa power supply ya mawati 240, musadabwe. Power supply ili ndi chitetezo chomwe chimadula magetsi ikaona kuti ikukokedwa mopitirira, ndipo makadi amenewa nthawi zina amadumpha kupitirira nambala yake kwa kanthawi kochepa. Kuzima kuja ndi chitetezo chikugwira ntchito. Yopanda chitetezo imapsa, pena n'kutenga motherboard yomwe.

Musakhulupirire nambala yaikulu ya pa chikwangwani. Alipo ma power supply opanda dzina lodziwika, olembedwa mawati 500 kapena 600, koma ukawanyamula ndi opepuka ngati mulibe kanthu. Werengani pa mzere wa mavolti 12, chifukwa purosesa ndi khadi zimadya pamenepo. Chulukitsani maampu olembedwa pa mzerewo ndi 12. Akalemba maampu 18, ndiye kuti mphamvu yeniyeni ya gemu ndi mawati 216 basi, kaya pamwamba alemba 500. Chizindikiro cha 80 Plus chimathandiza, ngakhale nacho ena amachinamizira.

Onaninso mmene khadi lalumikizidwira. Polowetsa khadi pa motherboard pamapereka mawati 75. Waya wa mano 6 amaonjeza 75, wa mano 8 amaonjeza 150. Power supply ikakhala yopanda mawaya amenewa, anthu amagula kolumikizira kotenga magetsi pa waya wa hard disk. Waya ameneyo sanapangidwire katundu wotere. Amatentha, amasungunuka, ndipo wapsereza makina ambiri. Ngati power supply yanu ilibe waya wa khadi, ikukuuzani kuti khadilo si saizi yake.

Mungaitsimikize bwanji musanagule ina? Njira yoyamba ndi kubwereka power supply yabwino kwa mnzanu kapena kwa okonza, muyesere gemu yomweyo. Njira yachiwiri ndi kuchepetsa kudya kwa khadi. Pulogalamu yaulere ya MSI Afterburner ili ndi poti Power Limit. Tsitsani kufika 70 pa 100, musewere. Kuzima kukasiya, ndiye kuti nkhani yagona pa mphamvu kapena pa kutentha kwa khadi, ndipo mwapezanso njira yoyendetsera bizinesi pamene mukusonkhanitsa ndalama. Amene muli ndi multimeter, mzere wa mavolti 12 suyenera kutsika kupitirira 11.4 gemu ikuyenda. Koma chenjezo ili mulimve bwino: musatsegule power supply yeniyeniyo. Mkati mwake muli ma capacitor omwe amasunga magetsi oti n'kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa.

Wachiwiri kumufunsa ndi kutentha. Kuno kumapiri timanyadira kuti n'kozizira, ndipo m'mwezi wa Juni ndi Julayi n'zoona. Koma lowani m'kashopu ka malata kopanda siling'i masana a Okutobala, mutadzaza anyamata khumi, zenera limodzi lotseka ndi katani kuti sikirini ioneke. Mpweya womwe mafani akukoka ndi wotentha kale. Onjezani fumbi la chilimwe, lomwe mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala imalowetsa paliponse. Tsegulani bokosi lomwe lakhala pansi pa simenti chaka chathunthu: pakati pa fani ndi tizitsulo toziziritsa purosesa mupeza fumbi lofiira litaumbana, loti mutha kulisenda ndi chala n'kuchoka lonse pamodzi. M'makona muli ukonde wa kangaude ndi mazira a mphemvu, pena nalimata wouma pafupi ndi power supply. Mpweya ulibe podutsa.

Musayeze ndi dzanja, yezani ndi pulogalamu. HWiNFO ndi HWMonitor n'zaulere, ndipo zimasunga nambala yapamwamba yomwe makina anafika. Purosesa ikamasewera pa madigiri 60 mpaka 80 gemu ikuyenda, palibe chodetsa nkhawa. Ikamafika 95 kapena 100, yafika pa malire. Imayamba yadzichepetsa liwiro, ndiko kudukiza kuja, ndipo zikakanika imazimitsa makina kuti isapse. Khadi nalo likamadutsa madigiri 85, liyang'aneni. Kuyeza kwina kwaulere ndi uku: chotsani chitseko cha m'mbali, mulozetse fani ya m'nyumba mkatimo, musewere. Kuzima kukachedwa kapena kusiya, ndi kutentha.

Mankhwala ake ndi otchipa kuposa onse. Zimitsani, zulani pulagi, dinani batani loyatsira kwa timasekondi kuti magetsi otsalira athe. Tulutsani bokosi panja. Khudzani chitsulo cha bokosi musanakhudze zamkati. Gwiritsani ntchito burashi youma yopentera ndi chopemerera mphepo, ngakhale pampu ya njinga imathandiza. Popemerera gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira. Madzi ayi, nsalu yonyowa ayi. Mukatha, yatsani muone ngati mafani onse akuzungulira, kuphatikizapo a pa khadi, pokumbukira kuti makadi ena amayamba kuzungulitsa mafani akatenthedwa. Ndipo bokosi lichoke pansi, likwere pa tebulo, kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma. Kansalu kokongola koluka kaja muzivundikira makina akazima, osati akuyenda.

Pakati pa purosesa ndi chitsulo choiziziritsa pamakhala phala lotuwa lotchedwa thermal paste. Pakapita zaka limauma n'kusweka, kutentha n'kumakanika kudutsa. Pukutani lakalelo ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, mudikire paume, muike latsopano kadontho kamodzi pakati, n'kumanga zomangira zonse zinayi mofanana. Ena amapakapo mankhwala otsukira mano kapena girizi. Musayerekeze. Zimauma m'masiku ochepa, vuto n'kubwerera litakula. Muli momwemo yang'anani ma capacitor a pa motherboard, timigolo ting'onoting'ono tija. Pamwamba pake payenera kukhala pafulati. Kakatupa kapena kutuluka zofiirira, motherboard imeneyo ikufunika katswiri.

Wachitatu ndi RAM. Misewu yathu ya kumapiri ndi ya mabampu, ndipo kompyuta yoyenda pa kabaza kapena pa njinga yamoto imafika RAM ndi khadi zitasuntha pang'ono m'malo mwake. Zulani RAM, pukutani mano ake agolide ndi labala yofufutira pensulo, muibwezere mpaka imveke kuti thapu mbali zonse ziwiri. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodziimodzi. Windows ili ndi choyezera chake chotchedwa Windows Memory Diagnostic, ndipo MemTest86 imayeza mozama kuposa apo. Isiyeni usiku wonse ngati magetsi alola. Cholakwika ngakhale chimodzi chikapezeka, RAM imeneyo kapena kachunidwe kake kali ndi vuto. Amene munakweza liwiro la purosesa kapena kuyatsa XMP mu BIOS, bwezerani zonse mmene zinabwerera kuchokera ku fakitale, muyesenso.

Apa ndi pomwe mapulogalamu akulowa, kumapeto. Ngati sikirini ya buluu yatchula VIDEO TDR FAILURE, chotsani driver wa khadi ndi pulogalamu ya DDU, muike wina wochokera kwa Nvidia, AMD kapena Intel enieniwo. Ikatchula MEMORY MANAGEMENT, bwererani ku RAM. Ikatchula WHEA UNCORRECTABLE ERROR, nthawi zambiri ndi chipangizo chenicheni, kutentha kapena magetsi. Nanga virus ija? Siidula magetsi, koma ili ndi mbali yake. Mu 2021 kampani ya Avast inaulula pulogalamu yoipa yotchedwa Crackonosh, yomwe inkabisala m'magemu obedwa monga GTA V, n'kumagwiritsa ntchito kompyuta ya munthu kukumba ndalama za pa intaneti iye osadziwa. Makina otere amatentha ngakhale palibe akusewera. Tsegulani Task Manager muone. Ngati purosesa ili pa 90 kapena 100 inu musanatsegule kalikonse, pamenepo kufomata kuli ndi nzeru. Koma sungani kaye zithunzi ndi ntchito za anthu pa flash kapena pa hard disk ina.

Mawu awiri kwa amene mukufuna kugula. Mu Seputembala 2022, ndalama ya pa intaneti ya Ethereum inasiya kukumbidwa ndi ma graphics card, ndipo makadi ambiri omwe anagwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka anathiridwa pa msika wa zinthu zakale padziko lonse. RX 580 ndi amodzi mwa makadi omwe ankakondedwa pa ntchito imeneyo. Si onse oipa, koma ambiri mafani ake ndi otopa ndipo phala lake linauma. Musagule khadi kapena kompyuta chifukwa yangoyaka n'kuonetsa Windows. Muuzeni wogulitsa, kaya ndi ku Lilongwe kaya ndi pa Mponela pompano, kuti ayatse gemu yolemera kapena pulogalamu ya FurMark kapena OCCT kwa theka la ola inu mukuona, nambala za kutentha zili pa sikirini. Wokana zimenezi ali ndi chomwe akubisa. Safunsa anadya phula. Ndipo pa bajeti yanu, power supply isakhale yogulira ndalama yotsala. Kuli bwino khadi laling'ono pa power supply yabwino kusiyana ndi khadi lalikulu pa yokayikitsa.

Pa zonse tanenazi, lamulo ndi limodzi: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukapukuta fumbi, kusintha RAM, kufomata ndi kugula ekisitenshoni tsiku limodzi, vuto likatha simudziwa chomwe chachiza, ndipo likabwerera muyambiranso pachiyambi. Tengani kope la sukulu. Lembani tsiku, nthawi, gemu yomwe mumasewera, mphindi zomwe makina anapirira, nambala ya kutentha, ndi chomwe mwasintha. Muziyesera gemu imodzimodzi nthawi zonse kuti muthe kufananiza.

Kwa inu achimwene ndi achemwali okonza makompyuta m'misika yathu, ntchito yanu ndi yofunika, ndipo anthu amakudalirani chifukwa ku Lilongwe n'kutali ndipo thiransipoti yadula. Khalani ndi power supply imodzi yabwino yoyesera, RAM imodzi yodziwika kuti ndi yamoyo, multimeter ndi thermal paste weniweni. Mufunseni kasitomala komwe amatenga magetsi musanatsegule bokosi. Musabweze makina musanawalemetse ndi gemu inu mukuona. Kasitomala amene mwamuuza zoona kuti vuto lili pa inveta ya kunyumba kwake, osamudyera ndalama ya kufomata, adzabweranso ndipo adzabweretsa anzake.

Kwa inu makolo, mwana akabwera kuti mumupatse ndalama ya graphics card yatsopano chifukwa kompyuta ikuzima, mufunseni mafunso atatu. Wayesa pa soketi ina? Wachotsa fumbi n'kuyeza kutentha? Power supply yake ndi ya mawati angati? Akayankha onse atatu, kambiranani za ndalama. Akakanika, abwerere akayeze kaye.

Ndipo kwa inu achinyamata eni makina, madzulo ano musanayatse gemu, gwadani muyang'ane pansi pa tebulo. Ekisitenshoni yotentha ichoke lero lomwe, timitengo ta machesi tichoke m'soketi, bokosi likwere pa tebulo. 

(Kanyimbo kotsekera)